Mutu ukuda bii ndikaika mthunzi: ndikulakwitsa pati?

Wowerenga wina wa ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, amene amagwira ntchito yaulonda ndipo akaweruka amadziphunzitsa yekha kujambula, wafunsa motere: "Mizere ya mutu ndimaitha. Ndimatsata miyeso ya mutu wachitsanzo uja wa m'mabuku, maso pakati, mphuno ndi pakamwa pamalo pake. Koma ndikayamba kuika mthunzi nkhope imada bii, imakhala yathyathyathya, kukongola konse n'kutha. Ndimagwiritsa ntchito pensulo ya HB, n'kumatikita ndi chala. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, chithunzi chanu sindinachione, koma matendawa ndimawadziwa chifukwa ophunzira ambiri amabwera nawo. Mukumaika mthunzi chiwalo ndi chiwalo. Mumayamba ndi diso limodzi, kulikometsa mpaka mutakhutira, kenako linzake, kenako mphuno, kenako milomo, ndipo masaya ndi chipumi mumangotikita ndi chala kuti pasatsale poyera. Mapeto ake chiwalo chilichonse chili ndi kuwala kwakekwake, koma mutu wonse ulibe dzuwa limodzi louwalira. Ndiye musanadetse pepala ngakhale pang'ono, gamulani kumene kuwala kukuchokera, mujambule kamuvi pakona ya pepala kosonyeza njira yake. Zonse zimene ndinene pano zikutsamira pa kamuvi kameneko.

Mutu wachitsanzo umene mukuphunzirapowo si wa munthu wina aliyense. Ndi mutu wopangidwa ndi miyeso. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma amene anakhalako Yesu asanabadwe, analemba kale kuti nkhope imagawika patatu mofanana: kuchokera pachibwano kufika kunsi kwa mphuno, kuchokera pamenepo kufika pansidze, ndi kuchokera pansidze kufika poyambira tsitsi. Andrew Loomis wa ku America, m'buku lake la 1956 la kajambulidwe ka mutu ndi manja, anatenga magawo omwewa n'kuwaika pa mpira wodulidwa mbali ziwiri, ndipo mavidiyo ambiri a pa YouTube amene mwina mukuwatsata akuchokera kwa iyeyu. Ubwino wa mutu wotere ndi wakuti ulibe makwinya, ulibe zipsera, ndipo palibe mwini wake woti adandaule kuti sakufanana nawo. Maganizo anu onse amapita pa kuwala. N'chifukwa chakenso masukulu a zojambula a ku Ulaya ankayambitsa ophunzira pa ziboliboli zoyera za pulasitala asanawapatse munthu wamoyo. Zojambula zophunzitsira za Charles Bargue, zimene zinayamba kutuluka ku Paris m'ma 1860 ndipo wojambula wotchuka Vincent van Gogh ankazikopera podziphunzitsa, zimaonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: choyamba mizere yowongoka ya maonekedwe onse, kenako kulekanitsa kowala ndi kwa mthunzi, zina zonse pambuyo.

Musanabwerere ku mutu, tengani dzira. Liikeni pa pepala loyera patebulo, muzimitse getsi, mutseke katani, muyatse tochi ya foni n'kuiika chakumtunda kumanzere kwa dziralo, patali ngati kutalika kwa mkono. Liyang'anitsitseni musanagwire pensulo. Mbali yoyang'ana tochi yawala, ndipo penapake pali kadontho kowala kuposa ponse. Kuchokera pamenepo kuwala kukuchepa pang'onopang'ono pamene dzira likukhota, mpaka kufika pamalire pamene kuwala kwa tochi sikukufikanso. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti mdima waukulu wa padziralo uli pamalire pomwepo, ngati lamba wozungulira, osati kumphepete kwenikweni. Kumphepeteko kwayerako pang'ono chifukwa pepala likubweza kuwala n'kukuponyera kunsi kwa dzira. Ndiye pali chithunzithunzi chimene dzira laponya papepala: m'mphepete mwake ndi mwakuthwa pafupi ndi dzira, chimafewa chikamatalikira, ndipo pakuda zedi ndi pamene dzira lakhudzana ndi pepala. Jambulani zimenezi kangapo, mukusuntha tochi. Chigaza cha munthu chimamvera malamulo omwewa, diso limamvera omwewa, nsonga ya mphuno ndi chibwano chimodzimodzi.

Pa kuwala kobwezedwa kuja ndi pamene anthu ambiri amagwa. Akakuona amasangalala nako, amatenga chofufutira n'kuyeretsa mzere wonse m'mphepete mwa nsagwada, ndiye mutu umaphwa nthawi yomweyo. Diso limanamizidwa chifukwa kuwalako kwazunguliridwa ndi mdima. Gwiritsani lamulo ili: pamalo powala kwambiri m'kati mwa mthunzi pazikhala pakudabe kuposa pamalo pakuda kwambiri m'mbali yowala. Mabanja awiriwa, la kowala ndi la mthunzi, asalowererane.

Tsono mutu si dzira lenileni. Uli ndi kumaso, m'mbali, pamwamba ndi kunsi, monga bokosi. Ikani chala pachipumi panu, muchiyendetse kupita chakukhutu. Mumva pamene fupa likukhota kuchoka kumaso kulowa m'mbali. Tsikani nacho kunja kwa diso, mudutse pamwamba pa fupa la tsaya, mutsetsereke mopendekera kulowera pambali pa chibwano. Mzere umene chala chanu chayendawo ndiwo mzere wofunika kuposa yonse pa kuika mthunzi, ndipo ndi umene oyamba kumene sauona chifukwa palibe chilichonse cholembedwa pakhungu. Kuwala kukachokera kutsogolo chakumanzere, mbali yakumanja ya mutu kuseri kwa mzerewu imalowa mumthunzi yonse pamodzi, kuphatikizapo khutu. Amene munaonako osema ziboliboli ku Kungoni, ku Mua, kapena osema a m'mbali mwa msewu, mukumbukira kuti nkhope imayamba ndi mabala akuluakulu a kasemasema, chipumi mbali imodzi, tsaya mbali ina, ndipo sandipepa amabwera kumapeto. Wojambula aziganiza ngati wosema. Pa intaneti fufuzani mutu wa John Asaro, chiboliboli chophunzirira chimene chinadulidwa mbali zathyathyathya zokhazokha. Kuujambula umenewo kumatsegula maso msanga kuposa kukopera nkhope zosalala za m'magazini.

Kuwala kwabwino kophunzirira ndi kochokera pamwamba, chakumbali, chakutsogolo pang'ono, cha m'ma digiri 45. Kukatero mthunzi umakhala kunsi kwa nsidze m'maenje a maso, kunsi kwa mphuno, pamlomo wam'mwamba, kunsi kwa mlomo wam'munsi, ndi kunsi kwa chibwano kutsikira pakhosi. Malo onsewa ndi oyang'ana pansi, n'chifukwa chake kuwala kwa pamwamba sikuwafika. Mukaika mdima pamalo okhawa, popanda kujambula diso kapena mlomo, munthu woima patali aona kale nkhope. Mukasuntha nyali chakumbali kwambiri, chithunzithunzi cha mphuno chimakalumikizana ndi mthunzi wa tsaya, n'kusiya kachigawo kowala ka ngodya zitatu kunsi kwa diso. Ojambula ndi kamera amakutchula kuwala kumeneku ndi dzina la Rembrandt, wojambula wakale wa ku Netherlands, ndipo ndimakukonda pophunzitsa chifukwa kumakakamiza wophunzira kulumikiza mithunzi.

Pali kanthu ka kuno ku Joni kamene mabuku aja sangakuuzeni. Amati khalani pafupi ndi zenera loyang'ana kumpoto chifukwa kuwala kwake sikusinthasintha. Zimenezo n'zoona ku Ulaya ndi ku America. Kuno dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse, ndiye zenera lakumpoto ndi limene limalowetsa dzuwa loswa mtengo loyendayenda m'chipinda. Inu funani loyang'ana kummwera. Komanso mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumwamba kumakhala mbee popanda mtambo. Mukamukhazika mnzanu panja masana, maenje a maso amasanduka mabowo akuda ndipo simuphunzirapo kanthu. Mukhazikeni pakhonde, kapena dikirani dzuwa lipendeke. Usiku nyali imodzi imakwanira, ndipo magetsi akazima musadandaule, kandulo imodzi imaonetsa mawumbidwe a nkhope bwino kuposa getsi la kudenga.

Tsopano pepala. Mutu uja mwaujambula ndi mizere yopepuka. Ndi HB yomweyo, jambulani malire a mthunzi ngati mukujambula mapu: pamene kuwala kukuthera pachipumi, kuzungulira enje la diso, pambali pa mphuno, patsaya, pansagwada, pakhosi. Kenako dzazani mbali yonse ya mthunzi ndi kuda kumodzi kofanana, kwapakatikati, osasiyanitsa kuti apa ndi diso, apa ndi khutu, apa ndi tsitsi. Izi zimaopsa poyamba, chifukwa diso limene munalijambula mosamala limakwiririka theka. Lisiyeni likwiririke. Imikani pepala, mubwerere mapazi atatu, mutsinzine pang'ono mpaka tinthu ting'onoting'ono titasowa. Ngati mutu ukuoneka wotukuka uli ndi mitundu iwiri yokhayi, poyera ndi pakuda, mwapambana kale ndipo zotsalazo ndi zokometsera. Ngati sukuoneka, konzani malirewo pompano. Kutikita kwa maola atatu sikudzaupulumutsa.

Mukakhutira, tengani 2B, pensulo yofewa ndi yakuda kuposa HB, mudetse lamba uja wa pamalire a kuwala, makamaka pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Mukadetsa lambayo, kuwala kobwezedwa kumaoneka kokha popanda chofufutira. Ndi 4B, yakuda kuposa 2B, ikani mdima weniweni m'malo ochepa: m'mabowo a mphuno, m'makona a pakamwa, kunsi kwa chikope cham'mwamba, kuseri kwa khutu, pamene chibwano chaphimba khosi. Mbali yowala ibwere pomalizira, ndi pensulo yolimba ngati H kapena 2H, dzanja lili lopepuka kwambiri. Kumeneku ndi kumene nkhope yanu ikudera, achimwene. Mukuika mdima wochuluka m'mbali imene inayenera kukhala yowala, chifukwa mukuona kakusintha kalikonse n'kukakulitsa. Pambali papepala jambulani timabokosi tisanu, kuyambira poyera mpaka pakuda zedi, ndipo mugawe: tiwiri toyamba ndi ta kowala, kachitatu ndi ka pokhotera, tiwiri totsiriza ndi ta mthunzi.

Za mapensulo musavutike nazo mtima. M'kati mwa pensulo muli graphite wosakaniza ndi dongo, njira imene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anaipeza mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kulemba moyererako, ndiyo ya H. Graphite akachuluka imafewa n'kuda, ndiyo ya B. Zinayi zokha, 2H, HB, 2B ndi 4B, za Staedtler kapena Faber-Castell zimene zimapezeka m'masitolo a zolembera, zikukwanirani. Chofunika kwambiri ndi kasongoledwe ndi kagwiridwe. Songolani ndi lezala kuti mtima wa pensulo utuluke wautali, muupale pa sandipepa, ndipo poika mthunzi igwireni chakumapeto, itagona chammbali, dzanja likuyenda kuchokera m'chigongono. Mdima umabwera podutsa kambirimbiri mopepuka, monga mmene mayi amathirira ufa pang'onopang'ono mumphika akuvundula, osakhuthula wonse kamodzi. Mukadinikiza mwamphamvu mumaphwanya timabampu ta pepala timene timagwira graphite, pamalopo pamayamba kunyezimira ngati chitsulo, ndipo sipalandiranso mdima wina kapena kufufutika bwino. Mizere yanu iziyenda motsata kukhota kwa chinthucho, yozungulira pachipumi, yotsetsereka patsaya.

Chala chisiyeni. Khungu lili ndi mafuta, ndipo mafutawo akalowa m'pepala amagwira graphite mwamathothomathotho osachoka. Choipa china n'chakuti chala chimafewetsa malire onse mofanana, pamene nkhope imakhala ndi moyo chifukwa malire ake ndi osiyana. Ngati mukufuna kusalaza, pindani kapepala mothina kakhale kosongoka, kapena tengani kathonje, ndipo musalaze pamalo ochepa okha. Pansi pa dzanja lanu muziika pepala lina. Gulaninso chofufutira chofewa chija chokanyika ngati phula, chimene m'masitolo amachitcha putty rubber. Chimenechi simukhula nacho, mumangodinda n'kunyamula, ndipo chimachotsa mdima pang'ono osawononga pepala.

Nkhani ya malire ndiyofunika kuimvetsa. Mthunzi umene umabwera chifukwa chinthu chakhota, ngati patsaya, malire ake ndi ofewa, ndipo amafewa kwambiri pamene pali mnofu wozungulira. Chithunzithunzi chimene chiwalo china chaponya pa chinzake, ngati cha mphuno pamwamba pa mlomo kapena cha nsagwada pakhosi, malire ake ndi akuthwa. Yang'anani mphuno yokha: mbali imodzi ya mdima wake imasungunuka pang'onopang'ono pansonga yozungulira, mbali ina yadulidwa ngati ndi mpeni patsaya. Mukasiyanitsa ziwirizi, woona amadziwa chimene chatukuka ndi chimene chalowa m'kati, ngakhale sangafotokoze chifukwa chake.

Diso ndi mpira wokhala m'enje, wophimbidwa ndi zikope zokhala ndi makulidwe ake. Choyera cha diso sichiyera ngati pepala. Chili mumthunzi wa nsidze, chikope cham'mwamba chimachiponyera chithunzithunzi, ndipo chimadera m'makona. Mukachisiya mbee munthu amaoneka wodzidzimuka. Kadontho kowala kakhale kamodzi, kumbali kumene kuli kamuvi kanu, ndipo m'diso la kumthunzi kakhale kofooka kapena kasakhalepo n'komwe. Mphuno musaizungulize ndi mzere. Ili ndi pamwamba, mbali ziwiri ndi kunsi, ndipo imatuluka yokha mukapatsa mbali iliyonse kuda kwake. Milomo imakuta mano amene ali mokhota, choncho imalowa mumthunzi ikamapita kukona ya kutali ndi kuwala. Wam'mwamba ndi wakuda chifukwa wayang'ana pansi, wam'munsi umalandira kuwala, ndipo m'mphepete mwake mwa kunsi simufuna mzere, kamthunzi ka pamwamba pa chibwano kamakwanira. Tsitsi liikeni ngati chinthu chimodzi chokuta chigaza, chokhala ndi mbali yowala ndi ya mthunzi, timizere tibwere pamapeto m'malo owerengeka. Khosi musaliiwale, mutu wopanda khosi lozungulira umayandama.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma mukumana nayo posachedwa, anthu akayamba kukupatsani zithunzi za abale awo. Mutu wachitsanzo wa m'mabukuwo unachokera ku ziboliboli za Agiriki ndi Aroma, ndipo mphuno yake, milomo yake ndi nsagwada zake ndi za azungu. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata waluso atajambula mayi ake n'kuwapatsa mphuno yopyapyala yosongoka chifukwa buku linatero. Kukongola kwachitsanzo kulinso kwathu kuno ku Africa. Fufuzani mitu ya ku Ife, ku Nigeria, youmbidwa ndi dongo ndi yosungunula ndi mkuwa zaka mazana angapo zapitazo, imene yambiri ya mkuwayo inafukulidwa mu 1938. Ndi nkhope zodekha, zoyezedwa bwino, ndipo mphuno ndi milomo yake ndi yathu. Phunzirirani mthunzi pa imeneyo. Chigaza, maenje a maso ndi mzere uja wa patsaya sizisintha. Chimene mumasintha ndi kufutukuka kwa mphuno, kutsika kwa msana wake pakati pa maso, ndi kudzaza kwa milomo, zimene zimasinthanso maonekedwe a zithunzithunzi zake.

Khungu lakuda lili ndi kajambulidwe kake. Ambiri amaganiza kuti ndi nkhani yongodinikiza 6B ponseponse, ndiye amapeza chimdima chonyezimira chopanda mawumbidwe. Chimene mumachita n'kutsitsa timabokosi tanu tonse tija: mbali yowala imayambira pa kuda kwapakatikati, mthunzi umatsikirapo, koma kusiyana kwa mabanja awiri kumakhalabe. Pepala loyera mumalisungira malo onyezimira okha, ndipo pakhungu lakuda malowa amaoneka mwamphamvu: pachipumi, pamwamba pa fupa la tsaya, pansonga ya mphuno, pamlomo wam'munsi. Maonekedwe a kunyezimirako ndi amene amanena kuti fupa lakhota bwanji, choncho ajambuleni mosamala ngati mmene mumajambulira diso. Kumbuyo kwa mbali ya mthunzi kusiyeni koyererako kuti mutu uoneke bwino. Mukafuna mdima woposa umene graphite angapereke, gwiritsani pensulo ya makala, koma makalawo ayambe kulowa, chifukwa sagwira bwino pamwamba pa graphite woterera. Muli mumzinda wa wojambula William Kentridge, amene ntchito yake yotchuka ndi ya makala ndi chofufutira, ndipo mukapeza mpata wokaona zojambula zenizeni, ku Wits Art Museum ku Braamfontein kapena kwina kulikonse, yandikirani muone pamene wojambula anasiya pepala osalikhudza.

Zithunzi zimene makasitomala amatumiza pa WhatsApp nthawi zambiri zimakhala zojambulidwa ndi flash, kapena zosalazidwa ndi foni mpaka mithunzi yonse itatha. Apa ndi pamene mutu wachitsanzo umakulipirani. Popeza mukudziwa kumene mbali za nkhope zimakhotera, mungathe kusankha nokha kuwala, kutenga miyeso ya munthuyo pachithunzi, n'kubwezeretsa mthunzi umene kamera inafufuta. Ngati munthuyo alipo, mupempheni chithunzi china ataima pambali pa zenera, flash itazimitsidwa.

Pophunzira, pepala la fotokope la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) likukwanira, ndipo mitu izikhala yaing'ono, yosaposa chikhatho chanu, kuti muzimaliza yambiri. Jambulani mutu umodzimodziwo katatu patsamba limodzi, kamuvi kali kumanzere, kenako pamwamba, kenako kunsi, ndi mitundu iwiri yokha ija. Mukatopa ndi kuuyang'ana, uonetseni pagalasi, zopendekera zimaonekera pomwepo. Ntchito yogulitsa ichitireni pa pepala lochindikala la cartridge, la 160 gsm kapena kuposa. Mukamaliza ipopereni fixative, mankhwala ogwira graphite papepala kuti isafufutike, pang'ono, muli panja, chitini chili patali ndi pepala. Mankhwala opopera tsitsi amene ena amagwiritsa ntchito amagwiradi graphite, koma pakapita nthawi amatha kusandutsa pepala lachikasu, choncho asiyireni mapepala ophunzirira, osati chithunzi chimene munthu walipira kuti akapachike kwawo ku Malawi.